Ku Yerusalemu, kufunafuna mbendera yomwe amayi anandituma

Lolemba 10 February 2025, Addis

Ndikulemba nditakhala pansi penipeni pa eyapoti ya Bole pafupi ndi soketi, mipando yadzaza ndipo foni yatsala pang'ono kuzima. Ndege ya ku Tel Aviv ndi ya usiku kwambiri. M'chikwama chachikulu muli ufa woyera makilo 5, chiponde, ndi usipa womwe achemwali anaumanga m'majumbo atatu kuti usanunkhe koma ukununkhabe, zonsezo ndi za mwana wawo amene akugwira ntchito kumunda wa tsabola kuchipululu kumwera kwa Israel. Anapita pa ndege yoyamba ija ya achinyamata 221 mu November 2023, nkhondo ya ku Gaza itangoyamba kumene, nthawi yomwe anthu a ku Thailand ambiri anathawa m'mindamo. Chaka ndi miyezi, timangomuona pa vidiyo.

Za madola musandifunse, ndinayenda milungu itatu ndipo omwe ndili nawowa ndawasokera m'thumba la mkati ngati agogo opita ku Joni.

Koma ntchito yeniyeni andipatsa ndi amayi. Dzulo madzulo anati, "Mukafika mukandijambulire pomwe pali mbendera yathu, ofesi ya kazembe ija a Chakwera ananena." Amayi saiwala. Mu September 2020 a pulezidenti ananena m'Nyumba ya Malamulo kuti Malawi itsegula ofesi ya kazembe ku Yerusalemu ndipo amayi ndi anzawo a Mvano anasangalala ngati alonjezedwa tikiti. Ndawauza kuti ofesiyo inatsegulidwadi mu April 2024, a Nancy Tembo ndi amene anakatsegula, koma ili ku Tel Aviv. Angoti "Tel Aviv m'Baibulo mulibe." (Muli Telabibu wina pa Ezekieli 3:15 koma ameneyo ndi wa ku Babulo, ndipo ine pa nkhani ya Baibulo ndi amayi ndimaluza, ndangokhala chete.)

Lachiwiri 11 February, Mzinda Wakale

Tatera m'bandakucha. Mafunso analipo ndithu, mwabwera kudzatani, mukagona kuti, mwanayo ndi ndani wanu, ine thukuta kamukamu ndikuganiza za usipa, koma za usipawo palibe wafunsa. Pasipoti sadinda, amangokupatsa kapepala kabuluu kokhala ndi chithunzi chako, kosunga ngati dzira.

Sitima yochokera pa eyapoti sinathe ngakhale theka la ola, ma shekel pafupifupi 20. Shekel imodzi mu February 2025 inali pafupifupi K500 pa mtengo wa kubanki, pa mtengo winawo musawerenge, mungadwale. Siteshoni ya Navon ku Yerusalemu ili pansi kwambiri, mamita pafupifupi 80, ukukwera masitepe oyenda okha mpaka kuyamba kudzifunsa ngati kunja kulikodi. Kunja mvula yowaza ndi kuzizira kolowa m'mafupa, jekete langa la kaunjika la ku Tsoka lomwe ndimadzitama nalo mu June lachita manyazi.

Kenako kasitima ka mumsewu mpaka ku Damascus Gate. Mnyumba yomwe ndikugona, m'kanjira kena m'dera la Akhristu, alendo tilimo atatu okha ngakhale zipinda ndi zambiri. Mwini wake ndi bambo wachikulire, Mpalestina wachikhristu, wandithira tiyi wa timbewu tonunkhira asanafunse n'komwe za ndalama. Ndimafuna kutumiza adiresi kwa mwana wa achemwali ndiye ndafunsa kuti kumapeto ndilembe dziko liti. Aseka, kuseka kotopa, akuti lembani Jerusalem basi, apositi amadziwa.

Atulutsa chitupa chawo chabuluu kundionetsa. Anabadwira m'nyumba yomweyi, atate awonso momwemo, koma pa pepala si nzika ya Israel, ndi munthu wololedwa kukhala. Apalestina ambiri a kummawa kwa mzindawu ndi choncho chiyambire 1967 pomwe Israel inalanda mbali imeneyi kwa Jordan. Amavota posankha meya, osati aphungu. Akakhalitsa kunja zaka zambiri chitupacho chikhoza kulandidwa. Mwana wawo wamkazi ali ku Canada ndiye nkhani imeneyi amagona nayo. Sanadandaule kwambiri ayi, anangobweza chitupa m'thumba n'kundifunsa ngati ku Malawi kuli nyanja.

Msewu waukulu womwe kasitima kaja kamadutsa, akuti ndi pomwe panali malire kuyambira 1948 mpaka 1967. Moshe Dayan wa Israel ndi Abdullah el-Tell wa Jordan anakhala pansi mu November 1948 ndi mapu, wina pensulo yobiriwira wina yofiira, aliyense kulemba pomwe asilikali ake afika. Mapensulowo anali onenepa ndiye mzere wokhawo pansi penipeni unadya nyumba ndi misewu, ndipo pakati pa mizere iwiriyo panatsala malo opanda mwini. Ine ndadutsapo lero ndi chikwama cha ufa osadziwa kanthu.

Lachitatu 12 February

Ndadzuka ndi mabelu, azana, ndi tambala, inde tambala, sindikudziwa akusungidwa padenga la ndani. Kadzutsa ndi buledi wautali wa chitowe wogula pa wilibala, ma shekel 10, amakupatsa ndi kafumbi kobiriwira kowawasa mu kapepala.

Ndayenda wapansi kupita ku Sheikh Jarrah chifukwa bambo aja anati ngati mukufuna mbendera pitani kumeneko. Ziliko zoona. Britain, Turkey, ndi ena, mipanda italiitali, makamera, alonda. Koma amenewa si akazembe a ku Israel ayi, akazembe awo ali ku Tel Aviv. Awa ndi makonsulo a Yerusalemu yekha, sapereka makalata awo kwa pulezidenti wa Israel ngati mmene kazembe amachitira, ndipo ntchito yawo yambiri ndi ya Apalestina. France, Spain, Italy, Belgium, Sweden, Greece nawo ali nawo. Zimenezi ndi zotsalira za pepala la 29 November 1947, pomwe United Nations inavota, 33 kuvomera 13 kukana 10 osaponya mbali, kuti dzikoli ligawidwe pawiri koma Yerusalemu ndi Betelehemu zisakhale za Ayuda kapena Aarabu, aziyang'anira ndi UN. Sizinachitikepo ngakhale tsiku limodzi, nkhondo inabwera n'kugawa mzinda mwa njira yake. Koma pepalalo palibe analing'amba, ndiye anthu akulandirabe malipiro m'maofesi omwe anakhazikika pa chinthu chomwe sichinabadwe. Ndinaima tsidya la msewu kuyang'ana mpaka mlonda wina anayamba kundiyang'ananso, ndinanyamuka.

Masana ndiye ndakumana ndi chinthu chomwe sindimayembekezera. Pafupi ndi Lions' Gate pali tchalitchi cha Anna Woyera, pambali pa thamanda la Betesda lija munthu anadwalirapo zaka 38. Pamwamba mbendera ya France. Malowa mfumu ya Turkey inapatsa France mu 1856 ngati zikomo pa nkhondo ya ku Crimea, ndipo mpaka lero France imati ndi ake. Chirac, pulezidenti wa France nthawi imeneyo, anakalipirapo achitetezo a Israel mu 1996, Macron nayenso mu January 2020 anawakalipira pakhomo pomwepa kuti atuluke. Tangoganizani, apulezidenti kukanganira pa khomo la tchalitchi ngati anthu olimbirana malire a munda ku Ntcheu.

Ndiye oyang'anira malowa ndi ndani? Ma White Fathers! Omwe aja a ku Mua. Ali pano kuyambira 1878, ku Mua anafika 1902, ndiye tinganene kuti anayamba kuno asanatipeze ife. Ine ndine wa CCAP koma ndinamva ngati ndapeza achibale. Bambo mfumu wina wachikuda atamva kuti ndachokera ku Malawi anati "Muli bwanji" bwinobwino, akuti anakhalako kwathu kalekale ali wophunzira, Chichewa china chinathawa koma nsima ndi chambo sanaiwale. Anandiuza kuti ndiimbe m'tchalitchimo poti mawu amamveka mokoma. Munalibe munthu. Ndinaimba vesi imodzi ya nyimbo yomwe amayi amakonda, mawu anga oipawa anabwerera okongola, ndipo ndinalira pang'ono, kutopa kapena chani kaya.

Lachinayi 13 February

Miyendo yatha. Lero ndalakwitsa kuphatikiza zinthu zambiri.

7 koloko ndinali kale pamzere wokwera pa bwalo lija Asilamu amati Al-Aqsa kapena Haram al-Sharif, Ayuda amati Phiri la Kachisi. Ife osakhala Asilamu timalowera khomo limodzi lokha, la Mughrabi, pa kamlatho kamatabwa pamwamba pa khoma lomwe Ayuda amapempherapo, maola ochepa okha ndipo Lachisanu ndi Loweruka ayi. Baibulo ndinalisiya kunyumba poti anandichenjeza. Pakhomo apolisi a Israel, mkati alonda a Waqf, bungwe lachisilamu loyang'anira malowa, omwe amalipidwa ndi boma la Jordan, ndipo zimenezi zinalembedwa ndithu, pangano la mtendere la Israel ndi Jordan la 1994 limavomereza udindo wapadera wa Jordan pa malo oyera a Asilamu. Ndiye bwalo limodzi, wina wagwira khomo wina wagwira mkati, aliyense akuyang'ana mnzake m'mbali mwa diso. Ndinayenda mwaulemu manja kumbuyo ngati ndili pa maliro a mfumu. Pamalopo ndi pokongola zedi ndipo pali bata, amphaka, ana a sukulu, koma mtima wanga sunakhazikike mpaka nditatuluka.

Potuluka ndinatulukira khomo lina n'kupezeka pakati pa anthu akuda ngati ine, akulankhula Chiarabu. Ndi Apalestina omwe makolo awo anachokera ku Chad, Nigeria, Senegal ndi Sudan, anabwera kudzapemphera n'kukhazikika. Mayi wina wogulitsa pakhonde anandipatsa khofi wowawa mu kakapu kapepala, ndalama anakana, anangoloza khungu lake ndi langa.

Kenako basi kupita ku Arnona kukaona ofesi ya kazembe wa America, yomwe inagwedeza dziko lonse ija. Abale. Ndi nyumba wamba m'dera la anthu wamba, poyamba inali ofesi yopereka ma viza, pa 14 May 2018 anangoikapo chikwangwani chatsopano. Trump analengeza pa 6 December 2017 kuti Yerusalemu ndi likulu la Israel, pa 21 December UN inavota kutsutsa, 128 kwa 9, mayiko 35 osaponya mbali ndipo Malawi inali m'gulu la 35 limenelo. Tsiku lotsegula lomwelo ku mpanda wa Gaza kunafa Apalestina oposa 50. Chomwe chandidabwitsa, gawo lina la malo a ofesiyi lili m'malo opanda mwini aja a mapensulo onenepa. Kujambula sindinayese, alonda ake samwetulira.

Ndikanabwerera pamenepo zikanakhala bwino koma ndinati ndikaonenso ku Malha komwe kuli Guatemala, Honduras ndi Papua New Guinea. Ndinasochera kawiri. Nditafika ndapeza ndi nyumba zosanja za maofesi a makampani a makompyuta pafupi ndi sitolo yaikulu, akazembe ali m'mwamba mmenemo ngati ma lendi ena onse. Ukawonjeza America, Kosovo ndi Paraguay ndiye onse anali 6 mu February 2025, ena onse anali ku Tel Aviv ndi madera oyandikira. Paraguay ndiye yandiseketsa, inabwera May 2018, boma litasintha inabwerera September chaka chomwecho, December 2024 yabweranso, ngati mkamwini wothawathawa pa chikamwini. Kale zinali zambiri, mpaka 1980 pomwe Israel inakhazikitsa lamulo loti Yerusalemu yense ndi likulu lake, UN inayankha ndi chigamulo nambala 478 ndipo akazembe 13 analongedza. Costa Rica ndi El Salvador anabwereranso koma 2006 nawonso anachoka.

Ndinakhala pa benchi kudya falafel ya ma shekel 18 ndikuganiza kuti ikanatheka nkhani ya 2020 ija, mbendera ya amayi ikanakhala mwina pa chitseko cha nsanjika yachisanu pafupi ndi lifiti. Sindikudziwa kuti ndiwauza bwanji.

Lachisanu 14 February

Wafika! Ananyamuka kumunda usiku kuti apeze basi ya mmawa poti kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo mabasi ndi sitima za mbali ya Ayuda siziyenda. Wada, manja ngati chikwanje, wavala jezi ya Flames pamwamba pa juzi. "Ankolo mwakalamba," ndiye moni wake ameneyo.

Bambo a nyumba atilola kukhitchini. Mthiko kulibe, tagwiritsa chipande chathabwa, nsima yatuluka ya mibulu pang'ono koma mnyamatayo wadya mitanda inayi osayankhula. Usipa wanunkhitsa nyumba yonse mpaka mlendo wa ku Poland anatsika kudzafunsa ngati china chapsa. Bambo aja analawa, anati nsima ilibe mchere, usipa anatenganso kachiwiri.

Titadya tinakangana pang'ono. Iye akuti ankolo za akazembezo ndi za anthu okhuta, ine chomwe ndikufuna ndi choti pasipoti ikatha kapena abwana akandivuta ndipeze ofesi yoti ndipiteko, ikhale ku Tel Aviv ikhale kumwamba. Komanso akuti Israel yamupatsa ntchito yomwe kwathu anaifunafuna zaka zinayi ndi dipuloma m'manja, wamangira mayi ake nyumba ya malata, ndiye asamve munthu akuinyoza. Ine ndinati sindikunyoza, ubalewu ndi wakale, Kamuzu anabwera kuno 1968 ndipo 1973 mayiko ambiri a mu Africa atadula ubale ndi Israel ife ndi Lesotho ndi Swaziland sitinadule. Koma kuika mbendera mu mzinda uno ndi kunena kuti mlandu watha, pamene bambo amene watibwereka mapotowa akusunga chitupa cha mlendo m'nyumba yomwe anabadwiramo. Kuganiza kwanga, amene anaganiza zoti ikhale ku Tel Aviv anachita bwino, kaya anachita dala kaya zinangochitika. Anangoti "mmm ankolo inu ndi ndale," n'kupita kukatsuka mbale.

Madzulo tinapita ku tchalitchi cha Manda a Yesu. Za mkatimo mukaona pa YouTube. Ine ndimafuna makwerero. Pamwamba pa khomo, pansi pa windo, pali kamakwerero kathabwa komwe kakhala pamenepo kuyambira zaka za m'ma 1700 chifukwa mipingo 6 yomwe imagawana nyumbayi, Agiriki, Akatolika, Aarmenia, Akoputi a ku Egypt, Aitiopiya ndi Asiriya, inamangidwa ndi malamulo a mafumu a Turkey a 1757 ndi 1852 oti chilichonse chikhale mmene chilili pokhapokha onse agwirizane. Kiyi wa tchalitchi amasunga ndi banja lachisilamu la Joudeh, otsegula ndi kutseka ndi banja lina lachisilamu la Nuseibeh. Tinadikira mpaka nthawi yotseka kuti tione, munthu amakwera kamakwerero kena kukakhoma loko wapamwamba kenako n'kukalowetsa pa kawindo ka pachitseko kwa ansembe omwe amagona mkati. Mnyamata uja anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti ngati nkhani za ma sinodi kwathu.

Padenga pali timanyumba tadothi ta amonke a ku Ethiopia, ngati mudzi wa kwathu ndithu, ndi zovala zoyanikidwa. Malowo akulimbirana ndi Akoputi. Mu 2002 mmonke wachikoputi anasuntha mpando wake kuthawa dzuwa, inabuka ndeu, anthu 11 anagonekedwa kuchipatala. Mpando.

Loweruka 15 February, Betelehemu

Mbali ya Ayuda zii, mbali ya kuno msika uli mkati ngati Lizulu. Mabasi a Aarabu a pafupi ndi Damascus Gate amayenda Loweruka, ndiye takwera. Makilomita ngati 10 okha. Popita palibe anatifunsa kanthu. Khoma lija Israel inamanga pakati pa Yerusalemu ndi Betelehemu ndi lalitali kuposa mmene limaonekera pa TV, ndipo magalimoto a mbali iyi manambala ake ndi oyera ndi obiriwira pamene a ku Yerusalemu ndi achikasu, achikasu amadutsa, enawo ayi.

Pa bwalo la kutsogolo kwa tchalitchi madalaivala a taxi anatizungulira asanu ndi mmodzi, osati mwaukali, mwa njala. Alendo anasiya kubwera chiyambire nkhondo. Tinagula timitanda ta mtengo wa azitona tiwiri ta amayi ndi achemwali kwa bambo wina amene anati kuchokera padenga lake amaona Yerusalemu koma kupitako n'kofunika pemiti, ndipo mapemiti ambiri anaimitsidwa mu October 2023. Pa mapu a 1947 aja iye ndi bambo a nyumba yathu akanakhala a mzinda umodzi. Anatipatsa kamtanda kachitatu kaulere, akuti ka mnyamatayu.

Pobwerera ndiye pa rodibuloko, kutsika, mzere, zitseko zachitsulo zozungulira, pasipoti ndi kapepala kabuluu kaja pagalasi. Ine ndinadutsa msanga. Mwana wa achemwali anamusunga mphindi ngati khumi akuyang'ana viza yake ya ntchito, ndipo mphindi khumi zimenezo ndinapemphera kuposa masiku onse ndakhala kuno. Atatuluka anati "ankolo mumanjenjemera," ndinakana, koma zoona ndimanjenjemera.

Lamulungu 16 February, pa eyapoti

Kuno Lamulungu ndi tsiku la ntchito ngati Lolemba kwathu. Mnyamata wanyamuka 6 koloko ndi ufa wotsala, ine ndimati ndidutsire ku Tel Aviv ndikajambule ofesi yeniyeniyo koma anandiuza kuti pa eyapoti ndifike maola atatu ndege isananyamuke chifukwa cha mafunso, ndalama nazonso zatsala za tiyi basi. Ndalephera. Usipa wotsala ndasiyira bambo a nyumba, anachita kupempha okha.

Amayi atumiza voisi noti mmawa, "Nanga mbendera ija?" Ndafufuza m'foni monse, ya France ilimo, ya Britain ilimo patali, yathu mulibe. Ndiye ndawatumizira chithunzi chomwe tinajambulitsa dzulo madzulo pa Jaffa Gate, mdzukulu wawo ataima ndi jezi yake ya Flames, kambendera kakang'ono kali pachifuwa. Ndalemba kuti nayi, ili mu Yerusalemu mwenimweni.

Ayankha patatha mphindi ziwiri. "Mwanayu waonda. Akudya koma?"

Akuitana ndege ya ku Addis.